Wapampando Amene Sankatuma Anthu

Mu Febuluwale, bungwe la madokotala ndi anamwino ochokera ku Malawi ndi ku Zambia okhala ku Durban linasankha Lorraine Kamwendo kukhala wapampando. Iye anali dokotala wa ana, munthu wosalankhula zambiri. Pa chisankhocho mamembala ananena poyera kuti atopa ndi a Morton, bambo wachikulire wojambula mafupa amene anayambitsa bungwelo. A Morton sankafunsa maganizo a munthu. Ankangoloza chala: iwe ukabweretsa mipando, iwe ukawiritsa tiyi. Anthu anati tsopano akufuna mtsogoleri womvera, ndipo Lorraine anawakhulupirira.

Ntchito yake yoyamba inali yoti bungwe likayeze anthu BP ndi shuga kwaulere ku Isipingo. Kumeneko kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, amene amazengereza kupita ku kiliniki poopa kuti akangotsegula pakamwa adziwika kwawo. Abusa a mpingo wina anapereka holo, nalengeza m'tchalitchi kuti Loweruka lomaliza la mwezi kukubwera madokotala olankhula Chichewa.

Lorraine analemba pa gulu la WhatsApp kuti aliyense amene mtima wake ukufuna kuthandiza adzinenere yekha, palibe wokakamizidwa. Mayankho anabwera ambiri: tizithunzi ta manja opemphera, mitima yofiira. Kenson, namwino wa ku chipinda cha opaleshoni, analemba kuti maganizo amenewa achokera kumwamba. Koma palibe amene anati abwera.

Anakumbutsanso, mwaulemu woposa poyamba. Manja opemphera anawonjezeka. Anaitanitsa msonkhano, anthu anafika, anadya masikono, ndipo atafunsa ngati pali wodzipereka, onse anayang'ana pansi. Pomaliza anamuthokoza chifukwa chotsogolera bwino. Mayi wina anamukulungira masikono awiri otsala kuti akadye kunyumba.

Lorraine sankamvetsa. Anthuwa sankadana naye, zimenezo ankaziona. Wina anamusungira malo oimika galimoto tsiku la mvula, wina anamutumizira mankhwala a chifuwa atamumva akutsokomola pa foni. Nanga n'chifukwa chiyani? Mwina ankaopa kuoneka ku Isipingo akulankhula Chichewa. Mwina ankafuna kuti iye alephere kuti a Morton abwerere. M'mawa uliwonse, asanalowe mu wodi ya ana, ankaima pang'ono pakhonde n'kupempha Mulungu kuti asalole anthu a ku Isipingo aja kudzapeza holo yopanda kanthu. Anali ndi makina amodzi oyezera BP ndi manja ake awiri, basi.

Lachitatu la sabata yomaliza galimoto yake inali ku garaja, choncho anapita ku Warwick Junction kukakwera minibasi, imene kumeneko amaitcha teksi. Pamzere anakumana ndi Taizya, mzamba wa ku Zambia, membala wa bungwelo. Taizya ankatsutsana mtengo wa chimanga chophika ndi mayi wogulitsa, m'Chizulu chosalala ngati wobadwira ku KwaMashu. Atagula anachithyola pakati, napatsa Lorraine mbali yaikulu. Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa m'Chinyanja ngati zokonzekera za Loweruka zikuyenda bwino, ndiponso kuti mwayi wopitako wagwera ndani.

Lorraine anamuyang'ana. Anayankha kuti palibe ngakhale mmodzi.

"Eish. Ine ndimaganiza kuti munasankha kale anthu anu, amayi wapampando. Ndinangoti basi, ife ena sitikufunika."

"Koma ndinapempha aliyense, asisi. Kawiri konse."

"Munapempha gulu. Ine simunanditume."

Taizya anafotokoza akutafuna chimanga, ngati akunena zinthu zodziwika kwa mwana aliyense. Anati pamaliro kwawo palibe amene amaimirira n'kunena kuti ine ndiye ndikatunga madzi. Amadikira kuti akuluakulu amutchule dzina. Ukadzitchula wekha pamaso pa madokotala akuluakulu, anthu amati ameneyu akufuna mpando. Komanso ukadzipereka wekha ndipo zinthu n'kulakwika, manyazi ndi ako. Ukatumidwa, umangopita ndi mtima woyera.

Lorraine anamukumbutsa kuti a Morton anachotsedwa chifukwa chotuma anthu.

Taizya anaseka mpaka anatsamwa. Anati zoona, a Morton ankatopetsa kwambiri, ndipo iye mwini anavotera Lorraine. Atafunsidwa kuti ndiye kusiyana kwake kuli pati, anaganiza pang'ono, nati sakudziwa bwinobwino, mwina ndi chala chija. Teksi ya Taizya inayamba kudzaza, ndipo anakwera asanamalize.

Lorraine anakhala pampando wakumbuyo wa teksi yake, foni ili m'manja. Sankadziwa ngati akuchita zimene anamusankhira kapena zimene anachotsera a Morton. Anapemphera mwachidule, kenako anayamba ndi Taizya yemweyo. Anamulembera kuti Loweruka adzayeze amayi oyembekezera. Yankho linabwera teksi isanatuluke mumzinda: wamva, ndipo abweretsa makina ake.

Tsiku lotsatira anaimbira ena mmodzimmodzi. Aliyense ankayamba ndi kudandaula. Wina anati Loweruka amachapa, wina anati ana ali ndi mpira. Lorraine ankafuna kupepesa n'kudula foni, koma asanatero munthuyo ankafunsa nthawi yofikira. Kenson yekha ndiye anakwiya zenizeni. Anati wamva kuti anzake aimbiridwa kale m'mawa, ndipo akufuna kudziwa chimene analakwa kuti akhale womaliza.

Loweruka kunacha ndi chinyezi cha ku nyanja. Lorraine anafika pa holo n'kupeza anthu atakhala kale pamthunzi wa khoma, amuna ovala maovolosi, amayi ena ali ndi yunifolomu ya ntchito m'jumbo kuti akachoka apa athamangire kwa abwana. Ankalankhulana motsitsa mawu. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati Kenson ankakoka mabenchi.

Ankauza Taizya, mokweza komanso m'Chichewa, kuti wapampando watsopanoyu ndi woopsa kuposa wakale, chifukwa amakutuma ndi mawu ofatsa moti sungakane. Anthu a panja atamva Chichewa chikumveka chotero anayamba kuseka, ndipo bambo wina anadzuka kukamuthandiza kunyamula benchi.

Si onse amene anaimbiridwa amene anabwera, koma matebulo anayi anali ndi anthu. Lorraine anaima pakhomo osadziwa ngati ayenera kuthokoza kapena kupepesa. Kenson anabwera akupukuta thukuta, naima patsogolo pake.

"Mabenchi atha, amayi. Nanga tsopano?"

Lorraine anatsala pang'ono kumufunsa chimene iye akufuna kuchita. Anameza mawuwo, nayang'ana uku ndi uku.

"Pitani mukaone ngati kumpopi kuli madzi akumwa."

Kenson anapita akung'ung'udza. Mayi woyamba pamzere analowa, nagwada pang'ono popereka moni, kenako anakhala pansi n'kuyamba kupinda mkono wa juzi yake.