Ndani Akumatula Chikwangwani?

Lolemba m'mawa Amanijala, oyang'anira nyumba yosamalira okalamba, anapeza chikwangwani chawo chitakulungidwa bwinobwino, chitamangidwa ndi kachingwe, chili chiimire pachitseko cha ofesi yawo. Aka kanali kachitatu.

Chikwangwanicho chinali chapepala lolimba, chachikulu ngati theka la chitseko. Panali anthu asanu akumwetulira, wamtali, wamfupi, wapanjinga ya olumala, waimvi ndi wina wamphuno yaikulu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti PANO NDI PA TONSE. Amanijala anabwera nacho kuchokera ku maphunziro a masiku atatu, kumene anamva kuti nyumba yosamalira okalamba iyenera kulemba ntchito anthu osiyanasiyana ndi kuwatenga mofanana. Anabwerakonso ndi bokosi la maganizo, ndipo posakhalitsa analemba wosamalira okalamba watsopano.

Watsopanoyo anali mayi wa ana awiri amene sankamva chibadwire. Ankalankhula ndi manja, ndipo kwa osadziwa manja ankalemba m'kabuku kamene sikankachoka m'thumba la yunifolomu yake. Dzina linachokera pomwepo, onse ankangoti Kabuku. Anamutenga kuti amuyese miyezi itatu. Miyeziyo inkatha Lachisanu, tsiku loti auzidwe ngati ntchito ndi yake kapena abweze yunifolomu.

"Amisiri!" Amanijala anaitana bambo wokonza zinthu zowonongeka. "Kamateninso. Muno muli munthu amene sakufuna kuti tikhale amodzi."

"Pomwe paja, mayi?"

"Pomwe paja."

"Kumbuyo kwake kuli bolodi ija ya timagetsi."

"N'chifukwa chake ndinasankha pamenepo. Bolodi yonyansa ija alendo aziiona?"

"Ine ndimangomata," anatero Amisiri, n'kunyamula makwerero.

Bolodiyo inali pakhoma la likole lopita kuzipinda za okalamba, yathyathyathya, yotuwa, yokhala ndi timagetsi khumi ndi tiwiri. Wokalamba akakoka chingwe cha belu m'chipinda mwake, belu linkalira ndipo kagetsi ka nambala ya chipindacho kankayaka. Antchito akale anasiya kalekale kuyang'anapo, chifukwa belu likalira kakhumi, kasanu ndi kanayi ankakhala Akondakitala a m'chipinda cha nambala seveni. Nkhalambayi inagwira ntchito m'mabasi zaka makumi atatu, ndipo dzanja silinapume nawo. Bedi likaima nthawi yaitali, ankaliimbira belu kuti linyamuke.

Kabuku yekha ndiye ankadalira bolodiyo. Tsiku loyamba anaipukuta fumbi, n'kuphunzira kuyenda akuiyang'ana ndi diso limodzi, moti kagetsi kakayaka iye ankafika ena asanaike makapu awo pansi. Tsono chikwangwani, chimene chinakhala milungu yambiri mu ofesi, chitamatidwa pabolodipo, anachimatula mosamala kuti chisang'ambike, n'kukachibweza kwa eni ake. Kawiri konse anawapeza mu ofesi mulibe. Atakumana nawo palikole, analemba m'kabuku n'kuwapatsa.

Amanijala anabisa manja kumbuyo. "Ayi, ayi, m'bale wanga," anatero akutsegula kwambiri pakamwa ngati ali kwa dokotala wa mano. "Maganizo onse m'bokosi. Pano palibe wodumpha mnzake, tonse ndife ofanana." Anamulozera bokosilo, kenako anamuchitira zizindikiro zonse zitatu zimene ankadziwa: moni, zikomo, ndi tili pamodzi.

Kabuku anang'amba tsambalo n'kuliponya m'bokosi. Mawa lake anaponyanso lina. Bokosilo linkayenera kutsegulidwa komiti ikakumana, koma komitiyo inali isanagwirizane kuti kiyi azisunga ndani mopanda tsankho, ndipo pokambirana zimenezo kiyiyo anasowa.

Lachitatu, chikwangwani chitapezekanso pachitseko, Amanijala anakwiya. Analamula guluu wa matabwa ndi misomali isanu ndi itatu. Amisiri anamata, anakhoma, anapukuta manja.

"Tsopano chimenechi chidzachoka ndi khoma," anatero.

Kuyambira pamenepo Kabuku anasanduka wapaulendo. Posadziwa ngati wina waitana, ankazungulira zipinda zonse khumi ndi ziwiri, kusuzumira, kutuluka, kuyambiranso. Agogo ena anawasuzumira kasanu asanamalize kuvala sokosi imodzi. Ngakhale anayenda chotero, kawiri belu linalira iye ali kumapeto kwina.

Asisitala, amene anali namwino wamkulu, analowa mu ofesi Lachinayi masana.

"Mayi, ine ndinanena kale. Mwanayu ndi wabwino, manja ake ndi ofewa, okalamba akumukonda. Koma ntchito ino ndi ya belu. Dzulo ndi lero belu lalira, iye ali kwina."

"Nanga inu munali kuti?"

"Ine ndinalimva," anayankha Asisitala monyadira.

"Munapita?"

"Anali Akondakitala, mayi. Ndipitirenji? Ndikakwere?"

Amanijala anapuma mozama. Anatulutsa makalata awiri m'dirowa, ina yolemba ntchito, ina yothokoza ndi kutsanzika, ndipo yachiwiriyo anaiika pamwamba.

Lachisanu anaitanitsa antchito onse palikole, kutsogolo kwa chikwangwani. Kabuku anaima kumapeto, akuyang'ana envulopu imene inali m'manja mwa Amanijala. Panalibe womumasulira, choncho ankangowerenga nkhope za anthu.

"Abale anga," Amanijala anayamba, "chikwangwani ichi si pepala wamba. Wochikhudza wakhudza tonsefe. Ndikadzamugwira, tsiku lomwelo adzatuluka pachipata, kaya ndi ndani. Ngakhale nditakhala ine amene."

Belu linalira.

"Basi yanyamuka," Amisiri ananong'ona. Ena anaseka. Asisitala anatembenuza maso n'kutsonya, Amanijala anangokweza mawu.

Kabuku anaona maso a Asisitala akupita kudenga. Nkhope imeneyo ankaidziwa, inali nkhope ya belu. Anayang'ana anzake, palibe anasuntha. Maso aja anapitanso kudenga kachiwiri. Anayang'ana envulopu, anayang'ana chikwangwani, kenako anadutsa pakati pa anthu, natenga sikuludiraiva m'thumba la Amisiri, nabaya munthu wamphuno yaikulu wapachikwangwani uja pamphuno penipeni. Anang'amba mpaka pakamwa pa waimvi.

"Mayo!" Amanijala anagwira pamtima. "Iwe? Iweyo amene chikwangwanichi tinakugulira?"

Kabuku sanawaone n'komwe. Kudzera pabowolo kagetsi kankaphethira, ndipo sikanali ka seveni. Anaimika zala zinayi m'mwamba n'kuthamanga.

"Folo?" anadabwa Asisitala. "Atelala? Chibwerereni sanakokepo chingwe!"

Onse anathamangira komweko. Atelala, gogo wamng'ono thupi amene anasoka zovala moyo wake wonse, anali atalowa m'dengu la zochapa. Anafuna kukhala pampando kuti atole singano, koma anakhala padengu. Kunja kunkangooneka miyendo iwiri, masilipasi, mutu, ndi dzanja limodzi litagwira chingwe cha belu.

"Pepani ana anga, ndakusokonezani pamsonkhano," anatero Atelala ali m'dengumo. "Ndinati ndidikire mumalize, koma mayi wanuyu akayamba salekeza."

Kabuku anagwada, nawalowetsa manja m'khwapa, nalozera Asisitala ndi chibwano kuti agwire dengu. Anakoka pang'onopang'ono mpaka Atelala anatuluka, pilokesi itawakanirira kumbuyo. Asisitala anawapima chiuno, msana ndi mawondo. Panalibe chothyoka, ndipo singano ija inali idakali m'dzanja lawo.

Pakhomo panafika Akondakitala ndi ndodo yawo.

"Ndamva kuti mukundinena. Lero lokha sindinaimbe, basi yanga ili kugalaja." Anayang'ana Amanijala kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mwanangu, m'basi mwanga wotseka galasi la dalaivala ndi katundu ndinkamutsitsa pomwepo, ngakhale pamlatho. Mtsikanayu amaona belu pabolodi paja. Ife tonse tikudziwa. Inu simudziwa?"

"Bwanji sananene?" anafunsa Amanijala ndi mawu ang'onoang'ono.

Akondakitala anakodola Kabuku, namujambulira chikwangwani m'malere, kenako analoza pakamwa n'kutambasula manja. Kabuku anamvetsa. Anagwira Amanijala padzanja mwaulemu, nawatsogolera kubokosi la maganizo.

"Kiyi palibe," anatero Amanijala.

"Ine ndimangomata, koma kuthyolanso ndimatha," Amisiri anatero, n'kulanda sikuludiraiva yawo.

M'bokosimo munali makoko a maswiti, batani limodzi, matikiti asanu amene Akondakitala anadula okha panyuzipepala, ndi masamba asanu ndi anayi a m'kabuku. Amanijala anawerenga loyamba mokweza: "Mayi, chikwangwani ndi chokongola, koma chatseka magetsi anga. Ndachimatula ndine." Tsamba lachisanu linkati: "Mayi, ndinenso." Lomaliza linalibe mawu. Kabuku anangojambulapo bolodi, muvi, ndi munthu akulira.

Amanijala anabwereza kuwerenga masamba onsewo, limodzi ndi limodzi.

"Mayi," Amisiri anayamba mofatsa, "munati wokhudza chikwangwani atuluke pachipata. Ndikatsegule chipata chonse kapena kachitseko kokha?"

"Bambo inu, kasakeni lezala."

Amanijala anapinda envulopu ija n'kuilowetsa m'thumba, napita ku ofesi, nabwera ndi kalata inayo. Kabuku anaiwerenga kawiri, anapukuta maso ndi nsonga ya kolala, kenako anatulutsa kabuku, nalemba, napereka. Manja a Amanijala ananyamuka okha kupita kumbuyo, koma anawabweza panjira n'kulandira. Munalembedwa kuti: "Zikomo. Mawa ndikuphunzitsani chizindikiro chachinayi. Tanthauzo lake: ndakumva, tandiuza."

Chikwangwani chinakana kuchoka, monga Amisiri analonjezera. Choncho anangotenga lezala n'kuboola mabowo khumi ndi awiri, lililonse pa kagetsi kake. Bowo la nambala wani linagwera pachipumi cha wamtali, la nambala naini pakhutu la wamfupi. La seveni linali pomwe Kabuku anayambira, pamphuno paja.

Asanatsike pamakwerero, belu linalira ndipo mphuno inayaka, yofiira ngati khala la moto. Onse anayang'ana kubolodi nthawi imodzi. Asisitala anayamba kutembenuza maso, koma anawabweza asanafike kudenga.

"Akutitu basi ili kugalaja," anadandaula.

"Yatuluka!" anakuwa Akondakitala ali m'chipinda mwawo. "Malo atsala amodzi!"

Kabuku anali atanyamuka kale, koma Amanijala anamugwira paphewa, nadziloza pachifuwa, n'kupita okha kukakwera.