Miyendo Iyambe, Ababa

Akalipentala anafika pabwalo la masewera nkhope ili ndwii ngati akupita kukhoti. Dokotala anali atanena kuti msana wawo ukufunika kulimbitsidwa, ndiye mwana wawo wamkazi, namwino wosanyengerera munthu, anangotseka shedi yawo yopaliramo matabwa, kiyi n'kuponya m'chikwama. Lamulo lake linali limodzi: akapalase kakhumi molondola pa makina opalasira a pabwalopo, kiyi abwezedwa.

Makinawo anali pansi pa mtengo, pafupi ndi katungwe wa ana: kampando kotsetsereka, popondapo mapazi, ndi chogwirira. Bwato lake lopanda madzi, losapita kulikonse.

"Mapazi apa, ababa," anatero namwino. "Pindani mawondo, msana uwongoke. Muyambe kukankha ndi miyendo, thupi lipendekere kumbuyo pang'ono, manja amalize. Pobwerera manja ndiwo atsogole."

"Ndamva," anayankha, asanamve n'komwe.

Munthu wakoka sowo yochekera matabwa zaka makumi anayi, ungamuuze chiyani za kukoka? Anakoka ndi manja okhaokha, mapewa kufika m'makutu, kampando kali phee. Makina anati kwee, msana nawo unayankha.

"Sikucheka matabwatu uku. Miyendoyo mwabwereka kwa munthu?" anatero namwino.

Zinawapweteka mumtima. Kamwana komwe anakaphunzitsa kugwira hamala, lero kakuwawerengera ziro pamaso pa amayi oyembekeza ana pa katungwe. Koma shedi ankaifuna, ndipo pakhomo kungokhala kunawakwana.

"Manjawo akhale zingwe basi," anatero mwanayo, mawu atafewako. "Asagwire ntchito mpaka mawondo atawongoka."

Anakankha ndi zidendene. Kampando kanatsetsereka bwinobwino, msana osadandaula. Kamodzi. Kawiri. Pofika kachisanu anali atayamba kumva kukoma, ngakhale sakanavomera. Kachisanu ndi chinayi kanadutsa myaa. Koma komaliza, chifukwa cha changu, manja aja anaba mpata n'kutsogola. Namwino anaona. Anayang'ana thukuta la bambo ake, kenako anayang'ana kumbali.

"Khumi," anatero, akutulutsa kiyi m'chikwama.

Akalipentala anamuyang'ana kiyi uja kwa kanthawi. Moyo wawo wonse sanatulutsepo tebulo lopendama m'shedi mwawo, ngakhale mwini wake atati palibe kanthu.

"Bweza m'chikwama," anatero akupinda mawondo. "Komalizako kanakhota. Yambanso kuwerenga."