Kalata Yopanda "Tili Bwino"

Denga la chipinda chosokera linkadontha pamwamba penipeni pa makina. Amayi ankasoka atakumbatira beseni, ndipo ankadziwa kuti makinawo akangochita dzimbiri, ntchito yathera pomwepo. Chowawa n'chakuti mwana wawo woyamba ndi kalipentala, amakhoma madenga a eni ake kutali uko. Mameseji anali atapita ambirimbiri, yankho limodzimodzi: "Chabwino amayi, ndidzabwera."

Amayi sukulu sanapite nayo patali, choncho wowalembera anali mzime wawo, mtsikana wa kusekondale. Tsiku lina m'mawa, atataya madzi a m'beseni, anamuitana.

"Iwe, tandiwerengera zimene umawatumizira achimwene akozo."

Mtsikanayo anatsegula foni. "Okondedwa achimwene, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino."

"Ima pomwepo. Ali bwinoyo ndani?"

"Ndi moni chabe, amayi. Kalembedwe kake n'komweko."

"Nanga za denga zili pati?"

"Kumapetoku. Mukapeza mpata mudzaoneko kadenga."

"Kadenga." Amayi anavula magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wamuuza kuti tili bwino, ndiye abwere kudzatani? Kudzativinira?"

Za foni anazikana pomwepo. Meseji, anatero, munthu amawerenga uku akutafuna, akamameza waiwala. Uthenga wapakamwa nawo umafika utawonda, chifukwa wotumidwa amachita nawo manyazi m'njira. Ankafuna kalata yeniyeni, ya papepala, yoti munthu aigwire m'manja imulemere.

Mtsikana anang'amba pepala pakati pa kope, koma cholembera anachigwira m'mwamba.

"Moni yekha tiyikemo, amayi. Mizere itatu: achimwene, alamu, ana."

"Umodzi."

"Iwiri."

"Umodzi. Onsewo amagona nyumba imodzi, akwanamo."

"Nanga okondedwa?"

"Adzakondedwa akadzatsika padenga."

Anakokanakokana ngati pamsika, mpaka amayi analolera mawu akuti "mwana wanga", poti zimenezo n'zoona ndipo sizinganyengerere munthu. Kalata yonse inatuluka chonchi: "Mwana wanga, moni nonse. Kuno sitili bwino. Bwera Loweruka ndi hamala. Ndine mayi ako."

"Iyi si kalata, amayi. Ichi ndi chikalata cha kukhoti."

"Kukhoti anthu amapita."

"Ndiponso denga simunalitchule."

"Hamalayo aganiza kuti ndi yophera nsabwe?"

Amayi anaipinda okha kalatayo, n'kukaipereka kwa dalaivala wa basi yemwe ankasoketsa mathalauza ake kwa iwo. Anamuuza kuti akaipereke m'manja mwa mwini wake, ndipo asakawonjezerepo mawu akeake ngakhale atafunsidwa.

Kalipentala sanadikire n'komwe Loweruka. Anatulukira Lachisanu masana, thumba la zida paphewa, mkazi wake akupuma wefuwefu m'mbuyo.

"Amayi, mwadwala? Dalaivala uja amangopukusa mutu, osanena kanthu."

"Wodwala ndi uyo," anatero amayi akuloza m'mwamba. Makwerero anali atatsamira kale pakhoma.

Mwamunayo anayang'ana denga, anayang'ana mlongo wake, mlongoyo n'kuyang'ana kumbali. Anavula jekete, n'kukwera akung'ung'udza kuti anthu ena adzamupha ndi mtima. Posakhalitsa hamala inayamba kulira, fumbi likugwera pansalu imene amayi anaphimbira makina.

Mpongozi wawo anakhala pampando wa makasitomala, kalata ija ili m'manja, akuiwerenga mobwereza. Kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Amayi, chitseko chathu cha kubafa chinagwa kalekale. Timangotchinga ndi nsalu. Ndikawauza amati adzaona."

"Umawauza bwanji?"

"Ndimati, bambo a ana, mukapeza mpata..."

Amayi sanamulole kumaliza. Anatembenukira kwa mzime wawo. "Ng'amba pepala lina."

"Komatu munthuyo ali padenga pompa."

"Musiye agwire ntchito. Jekete lake ndi ili, lili ndi matumba."