Ndani Akawatenge Bambo ku Kobbvika?

Linali Lachinayi masana, ndikupuma kusukulu komwe ndimakolopa kuno ku Voss, ndipo amene anandiuza ndi Eilif. Eilif ali ndi boti ku Hammerfest, kumpoto kwenikweni, amawolotsa anthu kupita kuzilumba. Bambo ake ankasodza ndi bambo anga kalekale. Ine ndi iye tinkasewera limodzi tili ana, koma panali patapita zaka zambiri osayankhulana, moti foni italira ndinadabwa.

"Magnhild, ndine Eilif. Ukadali moyo?"

"Ndilipo. Iwe sunamirebe?"

"Nyanja imandilavula, akuti ndimawawa. Tamvera, ndili ndi funso limodzi. Madala aja adzakawatenga ndani ku Kobbvika?"

Ndinati, "Kuwatenga bwanji? Akupitako ndani ku Kobbvika?"

Injini inkalira kumbuyo kwake. Kenako anafotokoza. Bambo anga, a Torleif, anamuimbira sabata yathayo. Anamuuza kuti sitima yapamadzi imene ine ndi iwo tinkati tikwere ikadzaima ku Hammerfest, adzawadikire padoko ndi boti n'kuwawolotsa kupita ku Kobbvika. Kupita kokha. Atawafunsa za kubwerera, anati mwana wanga wamkazi wakonza kale boti lina.

"Ukudziwa mmene timachitira kuno," anatero Eilif. "Munthu sumutsitsa pagombe lopanda anthu usanadziwe dzina la womutenga. Ukamutsitsa, ndi wako mpaka atabwerera. Ndafunsa onse a maboti kuno, palibe amene wamva dzina lako. Ndipo sabata imeneyo ikangotha ine boti ndikulikokera kumtunda. Kumeneko sikudzafikanso munthu mpaka chisanu chitatha."

Ndinamuthokoza, ndinati ndimuimbiranso. Buledi amene ndinkadya ndinamubwezera m'pepala.

Ku Kobbvika n'kwathu kwa bambo. Ndi kagombe ka pachilumba, kumbuyo kuli phiri, kutsogolo nyanja. Anthu onse anasamukako ine ndisanabadwe. Kulibe msewu, kulibe magetsi, foni sigwira. Nyumba ya agogo ikadalipo, koma nditaiona komaliza denga linali litayamba kudontha. Bambo anachokako ali mnyamata n'kudzagwira ntchito ya njanji kuno. Mayi ali moyo tinkapitako nyengo yotentha. Nyengo yozizira palibe amene ankapitako.

Ulendo wa pasitimawu tinaukonza ine ndi mlongo wanga Steinar. Bambo anakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, mtima wawo ndi wofooka, ndipo anagwapo m'bafa n'kugona pansi mpaka m'mawa. Akhansolo anatipatsa chipinda kunyumba ya okalamba, kuti alowe mu Novembala. Bambo sanakane, sanavomere. Ndiye Steinar anati tiwakweze sitima yochokera ku Bergen kupita kumpoto n'kubwerera, aone kwawo ali pawindo, mtima ukhale m'malo. Iye sakanapita chifukwa cha ntchito, wopita nawo ndinali ine.

Lamlungu lapitalo tinali titakhala patebulo kwa bambo, kabuku ka sitima kali pakati, tikusankha kokayenda sitima ikaima. Steinar ndiye ankawerenga.

"Ku Tromsø kuli kukwera ngolo yokokedwa ndi agalu. Bambo, mukwera?"

"Ndikwere agalu ine? Ukwere ndiwe, agaluwo akaone zakuda ndi mimba yakoyo."

"Nanga kukagwira nkhanu zikuluzikulu?"

"Nkhanu ndagwira iwe usanadziwe kupukuta mamina."

Tinaseka. Anavomera basi yozungulira mzinda ku Trondheim, anavomeranso kukaona tchalitchi ku Tromsø. Titafika pa Hammerfest anati kumeneko musalembe kalikonse, ndidzangoponda pansi ndekha, Magnhild apite ndi anzake pabasi. Ndinawakumbutsa zimene mayi wogulitsa matikiti ananena: amene wapita ndi gulu la sitima, sitima imamudikira, koma woyenda payekha akachedwa imamusiya. Anangogwedeza mutu. Za madoko otsatira anati, "Sankhani zimene mukufuna," n'kunyamuka kukateleka khofi. Ine ndinaona ngati atopa basi.

Nditaweruka Lachinayi lija sindinapite kwathu. Ndinalunjika kwa bambo. Ulendo unali woti tinyamuke Lolemba.

Pageti ndinakumana ndi a Borghild, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, atanyamula thumba la chakudya cha mphaka.

"Andipatsa mphaka uja," anatero. "Ndi mbale yake yomwe, ndi kabulangete. Ndimati n'kusunga masabata awiri, koma akuti ayi, ndi wanu tsopano. Kuja akupitaku salola mphaka eti?"

Ndinati salola. Zinali zoona.

Bambo ndinawapeza m'chipinda chapansi atagwada, sipanala ili m'manja, madzi akutsikira m'ndowa. Ankakhuthula mapaipi. Kuno timachita zimenezo tikamasiya nyumba chisanu chonse, kuti madzi asaundane n'kuphulitsa mapaipi. Koma nyumbayi sinali yokhala yopanda munthu: tinagwirizana kuti mwana wa Steinar alowamo bambo akangosamuka.

"Mukutseka madzi lero, Bambo? Mumwa chiyani mpaka Lolemba?"

"Ndatunga m'mabotolo. Tandigwira dzanja ndidzuke."

Ndinawadzutsa. Anali opepuka ngati mwana. Tinakwera pamwamba pang'onopang'ono, iwo akupuma pamasitepe.

Pabalaza panali zikwama ziwiri. Sutukesi yatsopano imene ndinawagulira inali yotsegula, muli malaya a pachakudya chamadzulo, tayi, nsapato zopepuka, mapilitsi a chizungulire cha panyanja, zonse monga ndinaikira. Pambali pake panali chikwama chawo chakale chobereka kumsana. Ndinachitsegula iwo akuona. Munali juzi yaubweya imene mayi analuka, machesi okulunga m'pulasitiki, ketulo yakuda ija, khofi, makandulo, mpeni, nsomba zouma pang'ono. Pansi penipeni panali suti yawo yakuda, yopinda bwinobwino. Mankhwala awo a mtima anali pawindo la kukhitchini, sanali m'chikwama chilichonse.

"Zovala zamkati zaubweya ndakugulirani zija zili kuti?"

"Zimayabwa."

"Nanga timisomali tomangirira kunsapato, kuti musaterereke?"

"Kumene ndikupondako ndimakudziwa."

Ndinakhala pampando. Ndinati, "Eilif wandiimbira."

Sanadzidzimuke. Anapita pachitofu, anathira madzi a m'botolo m'poto, anayatsa. Anayankhula atandifulatira.

"Wolongolola ngati bambo wake. Uja ankati akagwira nsomba imodzi, gombe lonse lidziwe."

"Si kulongolola. Mukudziwa kuti sakanakutsitsani asanafunse. Lamulo limenelo munandiphunzitsa ndinu."

"Ndimayesa ana a masiku ano anaziiwala."

"Mwamunamiza kuti ine ndakonza boti."

"Ndamunamiza."

"Ndiye ine ndikanabwera pabasi paja, n'kukufunani m'chipinda, n'kukufunani modyera, sitima n'kuliza huta. Ndikanatani, Bambo?"

"Ukanalira pang'ono. Kenako ukanapita kukadya, chakudya cha m'sitima n'cholipiriratu."

Ankafuna ndiseke. Sindinaseke. Anabweretsa makapu awiri, anakhala moyang'anana nane. Khofi anatayikira m'mbale.

"Ndinapitako kunyumba yanu ya okalamba ija," anatero. "Ndinakaona Sverre, tinkagwira naye kunjanji. Amukhazika pawindo loyang'ana poimika magalimoto, am'manga kansalu pakhosi. Kamtsikana kosamalira okalamba kakumufunsa, tadya bwino lero? Iye ali duu. Munthu amene ankanyamula chitsulo cha njanji paphewa. Ine ayi, mwana wanga. Kwathu kuli bedi limene ndinabadwirapo. Nkhuni zilipo za masiku angapo. Zikatha, zatha. Kuzizira sikupweteka, umangogona."

"Mwayesapo kuti mudziwe?"

"Ndaonapo."

Ndinati ndimuuza Eilif asakutengeni. Anati maboti ku Hammerfest ndi ambiri, ndipo si onse amafunsa mafunso. Ndinati ndiye ulendo wonse ndiuthetsa. Anati ndege zilipo, basi zilipo, chiphaso chawo ali nacho, ndipo palibe dokotala ananenapo kuti mutu wawo sukuyenda. Ankayankhula mofatsa, ngati tikukambirana za mtengo wa mbatata. Ndinawayang'ana ndipo ndinadziwa kuti sakuopseza. Ndikawatsekera njira iyi adzapeza ina, tsiku limene ine ndili kuntchito, popanda Eilif woti aimbe foni.

Kunja kunali kutayamba kuda, mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa ikumenya pawindo. Ndinatulutsa foni, ndinaiika patebulo pakati pa makapu, ndinaimba mokweza mawu kuti bambo amve.

"Eilif, m'boti lakolo malo a anthu awiri alipo?"

Bambo anadzutsa mutu.

"Malo alipo," anatero Eilif. "Wachiwiri ndani?"

"Ine. Sitima itisiye. Udzatitsitse tonse, ndipo wotitenga ndiwe."

"Magnhild, usachite zopusa," anatero bambo.

"Moni madala," anatero Eilif. "Pepani, ndakugulitsani."

"Ukanakhala pafupi ndikanakuponyera kapuyu."

"Mukanaphonya. Tamverani nonse awiri, pano sindikuseka. Kukutsitsani ndingathe, ngati nyanja ili bwino tsikulo. Kukutengani sindingalumbire tsiku. Ndidzayesa pakapita masiku atatu. Koma pagombe paja mulibe doko, mukudziwa. Mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikayamba, boti silingayandikire, ndingaliswe pamiyala. Ikhoza kuwomba sabata, ikhoza kuwomba masabata atatu. Ndipo a zanyengo akuti chaka chino ifulumira."

"Wamva?" anatero bambo kwa ine. "Uli ndi ana, uli ndi zidzukulu. Ukafuna chiyani kumeneko?"

"Ndikakhala ndi bambo anga."

"Ine boti lobwerera sindikulonjeza kuti ndidzakwera."

"Ndiye Eilif adzabwerera lopanda munthu, chifukwa ine sindidzakwera ndekha."

Anamenya tebulo ndi chikhatho, makapu analira. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo atamenya chinthu. Kenako anagwira pachifuwa, anapuma mokoka, nkhope itatuwa. Ndinathamangira pawindo, ndinatenga pilitsi, ndinawaika pansi pa lilime. Sanakane. Pang'onopang'ono mpweya unabwerera.

"Muli bwino kumeneko?" anafunsa Eilif pafoni.

"Tilipo," anatero bambo, mawu atasasa.

"Ndilembe anthu awiri kapena ndisalembe?"

Bambo anayang'ana pawindo. Ndinkaganiza za nyumba ija, mdima wautali wa kumpotoko kumene dzuwa silituluka pakati pa chisanu, nkhuni za masiku angapo, ndi ine amene ndimazizidwa ngakhale m'basi. Ndinkafuna anene kuti basi, tisiye zonsezi, tikwere basi ya gulu tikajambule zithunzi. Sananene.

"Lemba awiri," anatero.

"Chabwino. Magnhild, ubweretse chakudya cha mwezi, osati cha masiku atatu. Mafuta a nyale ndi wailesi yoitanira ndikubwerekani, koma wailesiyo imagwira ukakwera paphiri pokha. Ndipo madala, mukapanda kutsikira pagombe ndikabwera, ndidzakunyamulani ngati thumba la mchere."

"Udzayese," anatero bambo.

Foni itaduka sanandiyang'ane. Anatenga makapu, anakawatsuka ndi madzi a m'botolo, imodziimodzi, mosamala. Ali pomwepo anati chitofu cha kumeneko chimafuka utsi ngati mbalame zamanga chisa m'chumuni, ndiye padzafunika wokwera padenga, ndipo iwo sangathenso. Anati nsapato zanga za m'tauni n'zachabechabe. Anati chipinda cham'mwamba ndisadzagonemo, matabwa anawola. Za kubwerera sanatchule, ine sindinafunsenso.

Ndinatenga mankhwala onse pawindo, ndinawaika m'thumba la jekete yanga, osati m'chikwama chawo. Ndinatuluka. Sitolo ya zovala za kumapiri inali isanatseke. Ndinagula nsapato zazitali, zovala zaubweya za anthu awiri, tochi yovala pamutu ndi mabatire ake, chingwe, ndi matumba awiri ogonamo, okhuthala kuposa onse amene anali nawo. Mnyamata wogulitsa anandifunsa ngati ndikupita pasitima kukaona kuwala kobiriwira kumene kumaoneka kumwamba usiku kumpotoko. Ndinati eya. Nditafika m'galimoto ndinaimbira abwana anga kuti tchuthi changa mwina chitalika, ndipo sindikudziwa mpaka liti. Kenako ndinayendetsa kupita kwa Steinar kukamuuza pamaso.