Firiji Yobwereka

Amayi anga, a Seynabou Ndiaye, anayamba kufufuza za mchewere wopirira chilala ine, Rokhaya, ndili kumsana. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya bungwe lomwe amayi ankagwirako ntchito, ndipo sukulu yanga ili kuseri kwa minda yoyeseramo mbewu. Pakapita zaka zingapo, akuluakulu a bungwe amabwera kuchokera ku Dakar kudzaona ntchito, kenako n'kukagawa ndalama. Ulendo uno anati pakati pa mchewere ndi mtedza asankhapo chimodzi. Amayi sanandibisire: mchewere ukagwa, nyumba tituluka, sukulu ndikaiyambirenso kwa amalume ku Kaolack.

Kwathu mlendo sitimuonetsa ming'alu. Tinapaka laimu chipinda chogwiriramo ntchito mpaka manja kusupuka. Firiji yosungiramo mbewu inafa kalekale, ndiye amayi anakabwereka kwa a Malick Diop, mkulu wa za mtedza. Banja la Ndiaye ndi la Diop silimanana kanthu, limangonyozana mwanthabwala malinga ndi mwambo wathu.

"A Ndiaye inu," anatero a Diop, "mpunga wanga munamaliza, lero mwadzera firiji?"

"Kapolo safunsa mbuye wake. Mubweretse nokha."

Anabweretsadi pangolo, n'kuwonjezerapo mipando ndi makina oyezera mbewu. M'chipinda chawo chogwiriramo ntchito munangotsala tebulo ndi mawaya pakhoma.

Kunena zoona, chipinda chathu chinandinyaditsa. Alendo atafika ndinawathirira tiyi, maso pansi. Mayi wina wa magalasi anasisita firiji ija.

"Dokotala Ndiaye, chikusowa n'chiyani pano?"

"Tili bwino, tikuthokoza Mulungu," anayankha amayi, monga amayankhira munthu aliyense woleredwa bwino.

Mayiyo analemba zimenezo. Atapita kwa a Diop anapeza chipinda chopanda kanthu, ndipo analembanso.

Yankho linabwera mvula itayamba. Anati ntchito ya mchewere ndi yabwino ndipo ili ndi zipangizo zokwanira, ingathe kudziyimira payokha. Osowa kwambiri ndi a mtedza, ndiye ndalama zipite kumeneko.

Amayi sanalire. Anangovula nsapato n'kukhala pakhonde mpaka mapazi kunyowa.

A Diop anabwera ndi ngolo ija tili mkati momanga katundu. Anaima pakhomo, chipewa m'manja.

"Mwabwera osandinyoza?" anatero amayi. "Ndiye kuti zandiipiradi."

"Ndinawauza kuti firiji ndi yanga. Akuti zinalembedwa kale, tidikire ulendo wina."

"Ulendo wina mbewu zanga zidzakhala zitadyedwa ndi anankafumbwe."

"Mbewuzo zikhale mufirijimo, ndizisunga. Rokhaya nayenso akhale kwathu mpaka alembe mayeso. Bola asamadye ngati mayi ake."

Amayi anaseka pang'ono, kuseka kotopa.

Anapita okha ku Kaolack. Ine ndimagona ndi ana a a Diop, ndipo amandikonda. Koma popita kusukulu ndimazungulira njira yaitali, kuti ndisadutse pachipinda chathu chija. Laimu wake akadali woyera.