Anthu Osavota Kuno

Fyness anali mu Folomu 3 pamene a Modester, mphunzitsi wa Chichewa, anamusankha kuti akaimire sukulu yawo pa mpikisano wolankhula pagulu. Mutu wake anaulemba pabolodi: "Atsogoleri athu lero: akutitumikira kapena tikuwatumikira?" Aliyense anayenera kusankha mbali yake n'kukopa anthu kwa mphindi zisanu.

"Usatibweretsere zam'maluwa," anatero a Modester. "Ukafufuze. Pakamwa pokha aliyense ali napo."

Kofufuzako ndiye kunalibe. Sukulu yawo yoyendera, kufupi ndi Santhe, inali ndi kabati imodzi ya mabuku, ndipo kiyi wake ankayenda m'thumba la ahedi. Kwawo kwa Fyness kunali pa esiteti ya fodya wa bale, mtunda wa ola ndi theka wapansi, kumene makolo ake, a Sunganani ndi a Rute, ankagwira utenanti chichokereni ku Phalombe zaka zinayi zapitazo. M'nyumba mwawo pepala losindikizidwa linali kalendala yokha.

Choncho akaweruka ankadzera pagolosale ya a Khadija, amene ankagula nyuzipepala zakale zokulungira sopo ndi mchere. Ankakhala pathumba la shuga n'kumawerenga za misonkhano ya ku Lilongwe, za nduna zosinthidwa, za zipani zokangana. Anadzaza masamba asanu ndi limodzi m'kope lake, koma atawawerenga anaona kuti sanali kunena kanthu.

Tsiku lachinayi a Khadija anamulanda nyuzipepala n'kukulungira makandulo a munthu.

"Iwe mwana, ukufuna atsogoleri m'mapepala a chaka chatha? Kwanuko madzi mumatunga kuti?"

"Kudambo."

"Mjigo uja anadzalonjeza aphungu pa kampeni, ng'oma zili pakati, uli kuti?"

Fyness anatseka kope. Mjigowo ankaudziwa bwino: unali mwala wopaka laimu pansi pa mtengo wa mango, pamene aphungu anakhomapo chikhomo. Madzi awo ankatunga pachithaphwi cha kumunsi kwa nazale ya fodya, pomwe ankatsukiranso mapampu opopera mankhwala. Mu Febuluwale matenda otsegula m'mimba analowa m'nyumba za matenanti, ndipo a Feliya, oyandikana nawo, anaika m'manda kamwana kawo kakakazi ka zaka ziwiri.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Anapeza mabanja makumi anayi ndi atatu akumwa pachithaphwi chimodzi. Amene anadwala m'dzinjalo anali m'nyumba makumi atatu. Ndipo tsiku la msika anakapeza akhansala a deralo atakhala pachiwaya, akudya kanyenya. Anagwada pambali nafotokoza chimene anadzera.

Akhansalawo sanakwiye n'komwe. Anangofunsa kuti, "Abambo ako anavota?"

"Sanalembetse. Nthawi ya kalembera akapitawo sanawalole kusiya ntchito."

"Waona? Inu a pa esiteti simuvota kuno. Lero muli pano, mawa muli ku Simlemba. Ine ndikaika mjigo pamudzi, anthu amandikumbukira. Nanga inu mudzandikumbukira muli kuti?" Anaseka, natola nthuli ina. "Kalembe zimenezo, ngati ukufuna."

Analembadi. A Sunganani atamumva akuyeserera kuseri kwa chigafa, pakati pa fodya wolendewera, anaima ndi singano yosokera m'manja mpaka anamaliza.

"Mawuwo ndi oona," anatero. "Koma kwa eni kulibe mkuwe, mwanangu. Mwini esiteti ino ndi aphunguwo amadyera mbale imodzi."

"Ndi za kusukulu chabe, bambo."

"Ine sindinapite kusukulu, mwina n'kutero."

A Modester anawerenga pepalalo kawiri, nafufuta dzina la akhansala ndi la esiteti. Zotsalazo anati zikhale, poti mpikisano ndi wa ana ndipo dziko lino ndi la ufulu wolankhula. Sanadziwe kuti mlendo wolemekezeka adzakhala aphungu omwe aja. Anamva m'mawa wa tsiku la mpikisanolo, ndipo Fyness anawaona nkhope itagwa.

Aphungu anafika mochedwa ndi maola atatu. Ana a sukulu zisanu anadikira pabwalo, mphepo ya Juni ikuwapaka fumbi. Mtsikana woyamba anayamika misewu. Wachiwiri anayamika mtendere. Fyness ataitanidwa, mawu ake anatuluka bwino lomwe.

"Ine ndimamwa madzi amene ng'ombe imayamba yawanunkhiza," anayamba choncho. Anatchula mabanja makumi anayi ndi atatu aja, mwala wopaka laimu, ndi mwana wa a Feliya. Anabwereza mawu a pachiwaya paja osatchula mwini wake. "Fodya amene timasoka ife, akagulitsidwa dziko lonse limadya. Pamenepo palibe amatifunsa kuti timavota kuti. Funso limenelo limabwera tikapempha madzi. Ine ndikuti mtsogoleri tizimuyesa ndi anthu amene sangamubweze kanthu. Tikamuyesa choncho, ambiri mwa atsogoleri athu lero sakutitumikira."

Ahedi anaweramira pansi. Kenako aphungu anaimirira, naomba m'manja akuseka, ndipo onse anatsatira.

"Uyu ndi phungu wamawa," anatero pa maiki. "Mwanangu, ndamva. Sabata yamawa makina okumba mjigo afika."

Oweruza anamupatsa nambala wani. Aphungu anamukoleka paphewa chikwama cha mabuku chokhala ndi nkhope yawo, namugwira dzanja kuti awajambule. Fyness anathamanga njira yonse kukauza makolo ake. A Rute analulutira. A Sunganani anangoti, "Tione."

Sabata inatha, ina inathanso. Chithunzi chija chinayenda m'mafoni a anthu, pansi pake atalemba kuti aphungu athu amamvera achinyamata. Makina sanabwere. Amene anabwera anali akapitawo, tsiku lomwe anadinda belo lomaliza la fodya. Anasonkhanitsa matenanti pachigafa chachikulu n'kuitana maina a amene adzalime nyengo yotsatira. Dzina la a Sunganani silinamveke.

"Mwina mwadumpha mzere, akapitawo," anatero a Sunganani, chipewa chili m'manja.

"Sindinadumphe. Abwana akuti m'nyumba mwanu muli loya, iwo sangakwanitse kumusunga. Nyumbayo ikufunika Loweruka."

Anthu amene masabata apitawo ankamuuza Fyness mavuto awo mwaufulu, tsopano ankalowa m'nyumba akamuona. Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika kudambo, pamene anafuna kuwasenzetsa ndowa a Feliya.

"Zisiye," anatero a Feliya. "Anakutuma ndani kuti ukatchule mwana wanga pagulu? Iwe walandira chikwama. Ine akapitawo andifunsa kawiri ngati ndinakutuma. Ukufuna nanenso andichotse, manda a mwanayo ndiwasiyire ndani?"

Fyness anabwerera ndi ndowa yosadzaza.

Lachisanu masana a Modester anafika panjinga, nsapato zili mbuu. Anapeza katundu atamangidwa kale m'matumba a feteleza. A Sunganani anali atapeza malo pa esiteti ina cha ku Chisemphere, kufupi ndi malire a nkhalango. A Modester anakhala pamphasa nalonjerana ndi makolo, kenako anamuitanira Fyness pambali.

"Ndabwera ndi kalata yako ya transifa," anatero. Ankapinda ndi kupindula envulopuyo. "Komanso ahedi andituma. Mpikisano wa boma lonse uli pa 12, ku Kasungu. Poti iwe ukuchoka, apita mnzako Olive. Akuti utipatse pepala lako lija."

"Akalankhula zomwezo?"

"Akuti tichotsemo za madzi. Ndi za mwana. Ndi za kuvota."

"Ndiye mutsala chiyani?"

"Mutsala moni," anatero a Modester motsitsa. "Wolakwa ndine, Fyness. Ndinakutuma osaganiza kuti ukafufuza ukapezadi."

Fyness analowa m'nyumba, namasula thumba limodzi, natulutsa pepalalo. Analipereka ndi manja awiri, monga amachitira mwana wasukulu. A Modester anayesa kufotokozera a Sunganani kuti mwanayu asasiye sukulu, ali ndi mutu wabwino, chaka chamawa akulemba mayeso a Folomu 4.

"Tamva, aphunzitsi," anatero a Sunganani. "Kumeneko sekondale ili kutali, ndipo malo atsopano amayamba n'kuzula zitsa. Manja akufunika. Kalatayo tisunga."

Lole inabwera Loweruka m'mawa. Inali yonyamula nkhuni, ndipo dalaivala anati afulumire. Matenanti anzawo anali kumunda kuzula mapesi a fodya. Amene anaweramuka kuti awayang'ane anali awiri kapena atatu. A Rute anakwera atanyamula nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Fyness anakhala pamwamba pa matumba moyang'anizana ndi bambo ake, akudikira kuti amukalipire, kuti mwina mtima upepukeko. A Sunganani sanamukalipire. Anamuuza kuti agwiritse mpando umene unali pamwamba pa katundu ungagwe, ndipo mpaka ku Chisemphere sananenenso china.