Chipale cha M'botolo

Bambo anga anaphunzitsa sayansi mpaka tsitsi linayera ngati choko chimene ankalembera, ndipo phunziro limene ankalikonda koposa linali la chinthu chimene sanachionepo: chipale chofewa, chija ena amangoti sinowo. Kwathu sichigwa. Kumagwa matalala basi, oboola masamba ndi kusokosa pa malata. Koma chaka ndi chaka iwo ankajambula pa bolodi kanyenyezi ka nthambi zisanu ndi imodzi, zonse zofanana ndendende, monga kanalili m'buku. Ana asukulu mpaka anawapatsa dzina loti a Sinowo, ndipo iwo ankavomera.

Atapuma pa ntchito maso anayamba kuwathawa. Adokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mtsempha wa diso umene ukufa. Lamanzere linazimiratu. Lamanja linatsala ndi kampata kakang'ono, ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi, ndipo kampatako kankachepa mwezi ndi mwezi. Tinawatenga kudzakhala nawo kwathu. Masana ankakhala m'chipinda chimene ndimasokeramo, pakati pa makina ndi milu ya nsalu za eni ake.

Tsiku lina ndikupinda siketi, anangoti, "Ndikadangokaona kamodzi kokha, diso lisanatseke. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukamba za mlendo amene sindinam'patsepo moni."

Mawuwo anandilasa. Ine ndi bambo sitinkamwerana madzi kwenikweni. Sayansi ndinalephera m'kalasi mwawo momwemo, ndipo sanaiwale. Ngakhale ndikawapatsa mankhwala ankawerenganso okha mapilisi ndi chala. Komabe bambo ndi bambo. Ndinafunsa ngati palibe njira.

Njira inalipo. Mnzawo wina wa ntchito anawauzapo kalekale kuti chipale ukhoza kuchimeretsa m'botolo la pulasitiki, pa ulusi wa mbedza, ukalikwirira mu ayezi wouma, uja sasanduka madzi koma amangofuka ngati utsi. Mwayi wake, amuna anga amayendetsa lole ya ayisikilimu, ndipo kuntchito kwawo ayezi ameneyu amatsalako. Bambo anafotokozera iwo zonse, osati ine wolephera uja. Sanadziwe kuti mkamwini wawo amamva ndi khutu limodzi, linalo limakhala ku wailesi.

Loweruka masana amuna anga anafika ndi bokosi losungiramo zozizira, atavala magolovesi ngati akukagwira njoka. Ine ndinali nditakonza kale botolo. Ndinalitsuka ndi sopo, n'kulitsukuluza, n'kuliyanika padzuwa mpaka linauma gwaa. Chinthu choti bambo ako akachiyang'ane pafupi ndi mphuno sungabwere nacho chili ndi madontho, ndi mmene ndinaleredwera. Tinamanga kanati kachitsulo kunsonga kwa ulusi kuti uwongoke, n'kuulendeweretsa pakati pa botolo, n'kutseka. Botololo tinaliimika m'bokosi, ayezi mpaka m'chiuno, kumtunda kukuonekera. Kuseri ndinapachika nsalu yakuda ya suti ya kasitomala, ndinatseka makatani, n'kuyatsa tochi.

Tinadikira. Tiyi anazizira m'makapu. Ulusi unangokhala mmene ndinaumangira, wopanda kanthu.

Bambo anatenga galasi lawo lokuzira zilembo, nawerama. Anayendetsa mutu pang'onopang'ono, kufunafuna ndi kampata kawo kaja. Kenako anaweramuka n'kumwetulira.

"Eya, ndi kameneko. Nthambi zisanu ndi imodzi, zonse zofanana. Mwachita bwino, ana anga."

Amuna anga anandiyang'ana, nanditsinzinira diso kuti ndingokhala chete. Munthu wabwino akadakhaladi chete. Koma ine mtima unandiwawa kuona bambo anga, munthu amene ankakwapula ana chifukwa chokopera mayankho, akukopera m'buku pamaso panga.

"Bambo, mulibe kanthu mmenemo," ndinatero.

Anatsitsa galasi lija.

"Mulibe?"

"Mulibe. Ulusi wokha."

Anapuma mpweya wautali, ndipo ndinadabwa kuona nkhope yawo ikumasuka. "Ndiye bola," anatero. "Ine ndimaganiza kuti kalipo, koma diso ndi limene latha. Ndinati ndisakukhumudwitseni, mwavutika."

Pamenepo mkwiyo wanga unasanduka chisoni. Anali okonzeka kulowa mumdima ndi bodza lawolo, kuti ife tigone bwino.

Anaitanitsa botolo, nalitsegula, nalinunkhiza. "Sopo. Ndani watsuka?"

"Ndine."

"N'kuliumitsa?"

"Padzuwa."

"Nanga apongozi, munauziramo mpweya monga ndinakuuzani?"

Amuna anga anakanda m'mutu, nayang'ana nsapato zawo.

Mphunzitsi uja anadzuka mwa iwo nthawi yomweyo. Anakhala mowongoka, mawu n'kubwerera ngati ali patsogolo pa kalasi. "Iwe, tamvera lero, poti kale sunamve. Chipale si mvula youma ndi kuzizira. Amenewo ndi matalala. Chipale chimachokera ku chinyezi cha mumpweya, chimene chimangosanduka ayezi chisanakhale n'komwe madzi. Koma sichingayambe pachabe. Kumwambako chimafuna kafumbi koti chigwirepo. Muno ulusiwu ndiye kafumbi kathu. Tsono iwe wathamangitsa chinyezi chonse ndi ukhondo wakowo. Ukufuna chimere ndi chiyani?"

"Nanga nthambizo zimakhaliranji zisanu ndi imodzi?" anafunsa amuna anga, pofuna kudzigula.

"Tizigawo ta madzi tikamauma timagwirana manja mozungulira, tisanu ndi kamodzi. Ngodya ndi zimene zimatola chinyezi msanga, ndiye zimatalika n'kukhala nthambi. Kanyenyezi kakamagwa kamadutsa pozizira, kenako pachinyezi, ndipo nthambi zonse zimakumana ndi zofanana pa ulendowo. N'chifukwa chake zimafanana, ngati ana a nyumba imodzi."

"Si ana onse a nyumba imodzi amafanana," ndinatero.

"Usandidule mawu m'kalasi."

Ayezi anali atachepa kale, wongokwanira kuyesa kamodzi. Ayezi wina akadapezeka sabata ina, koma za diso lija palibe akadalonjeza. Ndinati ndiuziremo ine. Bambo anakana. Anagwira botolo ndi manja awiri, nauzira, napumula, nauziranso, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Anauzira mpaka m'kati munachita nkhungu, misozi ya chifuwa ili m'maso. Tinabwezeramo ulusi, n'kutseka, n'kukwirira.

"Tsopano wina asagwedeze tebulo," anatero. "Ndipo mukayandikira musapumirepo."

Ulendo uno tinadikira opanda tiyi. Kunja mayi wina anagogoda kudzatenga diresi lake, ine ndinangokhala ngati kulibe munthu. Kenako pa ulusi, chapamwamba pang'ono pa ayezi, panaoneka kadontho koyera. Kanatulutsa kamunga. Kamungako kanatalika, n'kuyamba kumera tina m'mbali ngati nthenga.

Sindinanene kanthu. Ndinapondanso phazi la amuna anga kuti nawo asanene. Ndinangogwira bambo paphewa, n'kuwasendeza pafupi, n'kulunjika tochi.

Anafunafuna nthawi yaitali. Galasi linakwera, linatsika, linadutsa pamalopo kawiri osaima. Ndinkaopa kumvanso mawu a m'buku aja, chifukwa ndikadadziwa kuti tachedwa.

Galasi linaima. Bambo anachita tsinya.

"Aa, ayi," ananong'ona, pakamwa atatchinga ndi dzanja. "Mwalakwitsanso penapake. Kameneka n'kopunduka."

"Kopunduka bwanji, bambo?"

"Nthambi zitatu zokha. Iyi yaitali ngati nthenga ya nkhuku, iyi yaifupi, ndiye iyi ya pansiyi yakhota. Zinazo zili kuti?"

Ndinawerama pambali pawo, ndinayang'ana. Zinalidi zitatu. Yaitali, yaifupi, ndi ya pansi yokhota. Ndinalira mmene sindinalirepo chimwalirire mayi, koma mosatulutsa mpweya, poopa kusungunula kanthu kawo.

Iwo sanandione, diso linali pa ntchito. "N'zoona," ankadziyankhula okha. "Sikakugwa, kamangiriridwa pa ulusi, ndiye mbali ina ikudya chinyezi, ina ikugona ndi njala. Taona, yaitaliyo ikukulabe. Ikukula ndikuona." Anakhala chiweramire mpaka msana unawakana, ayezi anatha, ndipo nthambi zija zinafota n'kutsala kadontho ka madzi pa ulusi.

Diso linatseka mvula isanayambe. Masiku ano amakhala pampando wawo pafupi ndi makina, akumvetsera ndikusoka. Makasitomala ena ndi ana awo akale a sukulu, anthu a imvi tsopano, ndipo amawaseka kuti, "A Sinowo, tijambulireni kanyenyezi kaja." Iwo amatambasula chikhatho n'kujambula ndi chala: mzere wautali, waufupi, ndi wina wokhota.

Wina anawauza kuti aiwala, kale ankajambula nthambi zisanu ndi imodzi.

"Kameneko kanali ka m'buku," anayankha bambo. "Aka ndi kamene ndinakaona."